Madzi a m'damu la Mpatamanga: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya ndere, namasupuni ndi matope

Nkhani ya damu la Mpatamanga ikayambika, anthu ambiri amathamangira ku chipukuta misozi, ntchito ndi magetsi. Koma pali funso lina limene asodzi, alimi a m'madimba ndi amayi otunga madzi ku Shire salephera kufunsa: madzi akewo adzakhala otani? Pano ndasonkhanitsa mafunso amene amabwera mobwerezabwereza pa nkhani imeneyi.

Kodi damuli lidzakhala pati, ndipo ndi lotani?

Lidzakhala pa mtsinje wa Shire, m'malire a maboma a Blantyre ndi Neno, kumunsi kwa Tedzani koma kumtunda kwa Kapichira. Madamu ake ndi awiri. Lalikulu lidzasunga madzi m'dziwe la pafupifupi masikweya kilomita 20, n'kumawatulutsa mwamphamvu nthawi imene magetsi akufunika kwambiri. Laling'ono lidzakhala kumunsi kwake, ndipo ntchito yake ndi kulandira madziwo n'kumawatulutsa mwa pang'onopang'ono kuti mtsinje usamadzaze ndi kuphwa tsiku ndi tsiku. Onse pamodzi adzapereka mamegawati 358. Mu Meyi 2025 World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni la ntchitoyi.

Maiwe a Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi aang'ono, madzi amangodutsa. Ku Mpatamanga madzi adzaima, ndipo nkhani yonse ya ukhondo wake yagona pamenepo, poti madzi oima amatha kuipitsidwa ndi chakudya cha zomera.

Mukamati madzi aipitsidwa ndi chakudya cha zomera mukutanthauza chiyani? Chakudya n'kukhala choipa?

Chimene chimakulitsa chimanga m'munda chimakulitsanso zomera za m'madzi. Michere yake ikuluikulu ndi iwiri, nayitrojeni ndi fosifolasi, yomweyo imene mlimi amagula m'thumba la feteleza. Ikakhala yochepa m'madzi palibe vuto, nsomba zimapezerapo chakudya. Ikachuluka, ndere ndi namasupuni zimabereka mopitirira muyeso, madzi amabiriwira, dzuwa silifika pansi. Zomerazo zikafa zimamira n'kuyamba kuwola, ndipo tizilombo toziwoletsa timamaliza mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma. M'mawa wina asodzi amangopeza nsomba zili gada pamwamba pa madzi.

Pa iwiriyi, woopsa kwambiri m'madamu ndi fosifolasi. Mitundu ina ya ndere imatha kudzitengera nayitrojeni kuchokera mumpweya, choncho ngakhale mutamuchepetsa chotani imakulabe bola fosifolasi alipo. Fosifolasi alibe njira yothawira mumlengalenga. Akalowa m'damu amakhala momwemo, m'matope a pansi.

Nanga micherewo idzachokera kuti?

Imani pa mlatho wa Zalewa mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse. Shire amakhala wofiira ngati thobwa la mawere. Tungani madziwo m'botolo, muliike pa windo mpaka m'mawa: pansi pake mupeza matope okhuthala. Matope otere mu Shire ndi nthaka ya pamwamba ya minda ya ku Balaka, Ntcheu, Neno ndi kumidzi ya Blantyre, yobwera ndi mitsinje ngati Rivirivi, Lisungwe, Lirangwe ndi Lunzu. Fosifolasi amamatirira ku timibulu ta dothi, ndiye kumene dothi lapita nayenso wapita. Kafukufuku wa bungwe la zaulimi ndi chakudya la FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a nthaka pa hekitala iliyonse pa chaka.

Gwero lalikulu ndi limenelo. Ena ndi zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi mtsinje zimene zimasefukira m'dzinja, makola a ng'ombe ndi nkhumba a m'mphepete mwa madzi, zinyalala za m'misika, phulusa la tchire lotenthedwa, ndi mitengo ndi udzu zimene zidzamizidwe damu likamadzaza.

Ambiri amafunsa za mtsinje wa Mudi. Nyansi za mu Mudi zimatsikira ku Likhubula n'kukathira mu Shire cha ku Chikwawa, kumunsi kwa damuli. Ndi vuto lalikulu kwa anthu a kumeneko, koma m'dziwe la Mpatamanga sizidzalowa.

Shire wakhala akunyamula matope kuyambira kalekale. Chidzasinthe n'chiyani chifukwa cha damu?

Madzi othamanga amadzitsuka. Pa mathithi ndi pa miyala amamwa mpweya, ndipo ndere sizipeza mpata wokhazikika. Madzi akaima, matope amakhala pansi, pamwamba pamayera, dzuwa limalowa, ndere n'kupeza zonse zimene zimafuna: kuwala, kutentha ndi chakudya.

M'dziwe lakuya mumachitikanso china. M'nyengo yotentha madzi ofunda amakhala pamwamba, ozizira pansi, osasakanikirana. A pansiwo mpweya ukawathera palibe chowabwezera. Nyanja ya Malawi imationetsa zimenezi, pakuti kupitirira mamita pafupifupi 200 pansi mulibe okosijeni ndipo nsomba sizikhalako. M'damu, matope a pansi akasowa okosijeni amamasula fosifolasi amene anamugwira, ndipo mumatuluka mpweya wonunkha ngati dzira lowola. Kukazizira mu Juni ndi Julaye, mphepo n'kuwomba, madzi a pansi aja amatha kutembenukira pamwamba. Nsomba zambiri m'madamu zimafa nthawi yoteroyo.

Kodi zoterezi zinachitikapo kwina, kapena mukungotiopseza?

Zinachitika, ndipo kwa anansi athu enieni. Damu la Kariba pa Zambezi linatsekedwa kumapeto kwa 1958. Nkhalango ndi nthaka zomizidwa zinathira michere yambiri m'madzi, ndipo chomera choyandama chotchedwa Salvinia chinafalikira mpaka pofika 1962 chinali chitaphimba gawo loposa limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo. Patapita zaka chinachepa, micherewo itatha ndiponso atabweretsa tizilombo tochidya. Vuto la Kariba linali la damu latsopano, longodutsa.

La Lake Chivero ku Zimbabwe ndi losatha. Damulo linamangidwa mu 1952 kumunsi kwa mzinda wa Harare, ndiye mzinda umamwa madzi a m'damu limene nyansi zake zomwe zimatsikiramo. Namasupuni ndi ndere zakhala zikuvutitsa kwa zaka makumi angapo, ndipo mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa pamodzi ndi nyama zina zitamwa madzi a ndere za poizoni. Abale athu okhala ku Johannesburg ndi Pretoria akhozanso kukufotokozerani mmene namasupuni amaphimbira damu la Hartbeespoort.

Ndiye Mpatamanga adzakhala ngati Chivero?

Sindikuganiza choncho, ndipo si bwino kukokomeza. Madzi ambiri a mu Shire amachokera m'nyanja ya Malawi, imene madzi ake a pamwamba alibe michere yochuluka. Dziwe la Mpatamanga ndi laling'ono poyerekeza ndi madzi odutsamo, choncho sadzakhalitsamo ngati a ku Kariba. Komanso kumtunda kwake kulibe mzinda wonga Harare wothiramo suweji.

Nkhawa yanga ili pa malo atatu. Oyamba ndi timakona ta dziwe, makamaka pamene mitsinje ing'onoing'ono izidzathira, poti madzi a pamenepo sayenda, ndipo m'pomwe anthu adzatunge, kuchapa ndi kumwetsa ziweto. Achiwiri ndi zaka zoyambirira damu litangodzaza. Achitatu ndi zaka za chilala pamene Shire amachepa, madzi n'kumakhalitsa m'dziwe kunja kukutentha. Tisaiwale kuti mtsinjewu unalekeratu kutuluka m'nyanja kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'ma 1930.

Namasupuni tili naye kale. Kodi damu lidzamuchulukitsa?

Mpata lidzamupatsa. Namasupuni amakonda madzi odekha, ofunda ndi okhuta, ndipo pamalo otere amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha. Mbewu zake zimakhala m'matope zaka zambiri osafa. Akayala pamwamba amatseka mpweya, amatchinga mabwato ndi maukonde, amasunga nkhono ndi udzudzu, ndipo amatseka zisefa za makina a magetsi. A kampani yopanga magetsi ya EGENCO amazidziwa bwino zimenezi, poti chaka ndi chaka amalimbana ndi zomera ndi zinyalala ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Zida zilipo kale. Pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde pali chotchinga chogwira zomera zoyandama ndi makina ozivuula. M'zaka za m'ma 1990 anabweretsanso tianankafumbwe ta mtundu wa Neochetina timene timadya namasupuni yekha. Zonsezi zimathandiza, koma n'kudula nthambi. Wovuulidwayo asamasiyidwe pagombe kuti awolere pomwepo, chifukwa mvula ikabwera michere yake imabwerera m'madzi. Atengedwe apite kumtunda akapangidwe manyowa.

Chofunika kuchita n'chiyani damu lisanayambe kudzaza?

Ino ndiyo nthawi yotsika mtengo, ndipo ikadutsa sibwerera. Mitengo ndi tchire za m'malo odzamizidwa zidulidwe ndi kuchotsedwa, ndipo matabwa ndi nkhuni zake zipindulire anthu a m'deralo. Kutentha zonse pamalo pomwepo n'kungosandutsa fosifolasi kukhala phulusa limene madzi adzalisungunule tsiku loyamba. Nthawi yodula nayo ndi yofunika: mukadula msanga tchire limaphukanso, mukasiya nthaka ili mbee dzinja lonse imakokoloka.

Zimbudzi za midzi yosamuka zithiridwe laimu ndi kukwiriridwa bwino. Ndowe za m'makola zituluke zipite kuminda. Malo amene panali madzala a zinyalala, mafuta a galimoto kapena mankhwala ayeretsedwe. Za manda ndi nkhani ya mafumu ndi eni ake a malirowo, yoyenera kukambidwa mwaulemu ndiponso nthawi ikadalipo.

Pali china chimene sichioneka koma n'chachikulu: kuyeza madzi a Shire ndi mitsinje yothiramo kwa zaka zingapo, dzinja ndi chilimwe, damu lisanamangidwe. Popanda manambala a lero, mawa palibe adzathe kunena ngati madzi aipa kapena ayi.

Kodi mukunena kuti alimi asiye kuthira feteleza?

Ayi, ndipo funso ili limandiwawa chifukwa mlimi ndiye amafulumira kulozedwa chala. Mlimi wa kuno amathira feteleza wochepa kwambiri pomuyerekeza ndi wa ku Ulaya kapena ku America. Vuto ndi loti wochepa yemweyo sakhala m'munda.

Taganizani. M'thumba la makilogalamu 50 la Urea, wobereketsa uja, muli makilogalamu 23 a nayitrojeni. La NPK 23:10:5, wokulitsa, muli makilogalamu 11.5 a nayitrojeni ndi 5 a fosifeti, momwe muli fosifolasi. Ndinaonapo mayi wina pamunda wotsetsereka akuthira wobereketsa ndi kachitsekero ka botolo, phando ndi phando, pamwamba pa mzere osakwirira, mitambo itada kale kumapiri. Anali atagulitsa mbuzi kuti apeze thumba limenelo. Mvula inagwa yamkuntho masana omwewo, ndipo pofika madzulo timibulu toyera tija munalibe, madzi ofiira akutsika m'kanjira kupita kukhwawa. Chimene chinamutayikira mayi uja ndi chomwecho chimene chimakabiriwiritsa damu. Mlimi ndi damu ali mbali imodzi.

Choncho zochita zake ndi zimene alangizi akhala akunena: kuboola kadzenje pambali pa phando, kuthira ndi kukwirira, kupewa kuthira mvula yamphamvu ikuoneka kuti ikubwera, kulima mizere yopingasa chitunda motsatira akalozera, kutseka mizere kuti madzi aime ndi kulowa pansi, kudzala vetiva, kuphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowatentha, kusakaniza feteleza ndi manyowa ngati a Mbeya, kusiya misangu m'munda. Zigwembe zitsekedwe zikadali zazing'ono.

Koma tinene zoona, ntchito zimenezi n'zolemetsa ndipo phindu lake limachedwa. Ngati opanga magetsi adzapindule ndi madzi oyera, n'chilungamo kuti gawo la ndalama za magetsiwo lizibwerera kumtunda chaka ndi chaka kwa anthu osamala nthaka. Mapulojekiti a zaka zisanu sangasamale damu la zaka makumi ambiri.

Nanga madimba athu a m'mphepete mwa mtsinje?

Dimba ndi ndiwo, ndi fizi ya ana, ndipo kungouza munthu kuti achoke osamupatsa pogwira n'kudzinamiza. Chofunika ndi kusiya lamba wa zomera pakati pa dimba ndi madzi: bango, nsenjere, vetiva, nsungwi, mikuyu. Lamba ameneyu amagwira dothi ndi kumwa michere isanafike mumtsinje, ndipo nsenjere yake mumadyetsa ziweto. Kulima mpaka khasu kugwera m'madzi ndiko kumagumula gombe.

Dziwe likadzadzaza padzakhala chiyeso china. Madzi akamatsika adzasiya nthaka yonyowa yokopa kudzalapo. Feteleza ndi mankhwala othiridwa pamenepo adzalowa m'damu madzi akangokwera. Malamulo a malo amenewa akambidwe ndi mafumu ndi makomiti a m'midzi madzi asanafike.

Madzi obiriwira tikawawiritsa kapena kuthira klorini, sitingamwe?

Musamwe. Kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera ndi ta m'mimba, koma poizoni wa ndere zotchedwa cyanobacteria saphedwa ndi moto wa pa mafuwa. Kuwiritsa kumaphulitsa nderezo n'kutulutsa poizoni wambiri. Klorini wa pakhomo nayenso musamudalire pa madzi otere. Poizoni wodziwika kwambiri, microcystin, amawononga chiwindi, ndipo bungwe la zaumoyo la WHO linaika malire a mayikrogalamu imodzi pa lita m'madzi akumwa a tsiku ndi tsiku. Ndi kachinthu kochepa zedi.

Mukaona madzi ngati athiridwa penti wobiriwira, kapena pali thovu lonunkha m'mphepete, ana asasambemo ndipo ng'ombe, mbuzi ndi agalu zisamwe. N'chifukwa chake midzi yozungulira dziwe ikufunika mijigo kapena mipopi yakeyake, ndi zomwera ziweto zotalikirana ndi gombe.

Anthu a mumzinda wa Blantyre asade nkhawa ndi dziwe ili. Madzi awo ambiri amapopedwa ku Walker's Ferry, kumtunda kwa Mpatamanga, ngakhale matope a Shire amawavutitsa kale kumeneko.

Likodzo ndi malungo zidzachuluka?

Zikhoza kutero. Nkhono zofalitsa likodzo zimakonda madzi odekha okhala ndi zomera, ndipo udzudzu umaswana m'zithaphwi zotsala madzi akatsika. Kuchepetsa namasupuni kumathandiza pa zonse ziwiri. Koma likodzo limalowa m'madzi ndi mkodzo ndi chimbudzi cha munthu wodwala, choncho zimbudzi zabwino pa madooko ndi m'midzi zimatseka njira ya likodzo ndi ya michere nthawi imodzi.

Kodi tidzaloledwa kuweta nsomba m'makola a m'madzi?

Zimenezo adzagamula ndi a boma ndi oyendetsa damu. Maganizo anga ndi oti tisathamangire. Chakudya cha nsomba chotsala ndi ndowe zake zimagwera pansi pa khola, ndipo ndi nayitrojeni ndi fosifolasi wothiridwa mwachindunji pakati pa dziwe. Makola ochepa pamalo pamene madzi akuyenda sangavute. Ochuluka pa kona yodekha angabweretse zonse zimene tafotokoza pa funso la kusintha kwa madzi oima. Dziwe liyambe lakhazikika, liyezedwe, kenako awerengere kuchuluka kwa nsomba zimene lingasenze.

Asodzi ayembekezere nsomba zambiri m'zaka zoyambirira, chifukwa cha michere ya zomera zomizidwa, kenako zidzatsika. Musakatenge ngongole ya bwato ndi injini powerengera nsomba za zaka zimenezo.

Amayeza chiyani kuti adziwe kuti madzi ali bwino, ndipo ndi udindo wa yani?

Amayeza fosifolasi ndi nayitrojeni, kuchuluka kwa ndere, matope, tizilombo ta m'chimbudzi, komanso kutentha ndi okosijeni kuyambira pamwamba mpaka pansi, mita ndi mita. Pa nayitreti, mtundu wina wa nayitrojeni wa m'madzi, malire a WHO m'madzi akumwa ndi mamiligalamu 50 pa lita. Chida china n'chosavuta moti ana a sukulu angachigwiritse ntchito: mbale yopakidwa zoyera ndi zakuda yomangidwa ku chingwe, yotchedwa Secchi. Mumaimiza mpaka isaonekenso, n'kuyeza chingwecho. Chingwe chikamafupika mwezi ndi mwezi m'chilimwe, pamene kulibe matope a mvula, ndiye kuti ndere zikuchuluka.

Kuyeza kamodzi pa chaka pakati pa dziwe n'kosathandiza. Michere yambiri imalowa m'masiku ochepa a mvula yamphamvu, ndipo oyeza ayenera kukhala pa mitsinje masiku omwewo.

Udindo woyamba ndi wa kampani yomanga ndi kuyendetsa damu, Mpatamanga Hydro Power Limited. Oyang'anira ndi National Water Resources Authority, yokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, ndi MEPA, bungwe loteteza chilengedwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la chilengedwe la 2017. Chimene ndingapemphe anthu a m'deralo n'choti aumirire kuti zotsatira za kuyezako zizimatidwa ku ofesi ya DC ndi kwa mfumu, m'Chichewa, osati kungotsekeredwa m'malipoti a Chingerezi.

Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje zikutikhudza bwanji?

Madzi otuluka ku Mpatamanga adzadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Majete n'kufika ku Kapichira, kumene ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme imayambira. Akadzatuluka opanda okosijeni, zamoyo za mumtsinje kumunsi kwa damu ndizo zidzayambe kuvutika. N'chifukwa chake kuya kwa pamene madzi akutengedwera, ndi njira yowamwetsera mpweya akamatuluka, ziyenera kuganiziridwa pojambula damu.

Matope nawo ali pawiri. Damu likawagwira, makina a ku Kapichira ndi ngalande zidzapepukidwa. Koma madzi olandidwa matope amakhala ndi njala, amadya magombe a kumunsi, ndipo dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar mu 2017, limadalira dothi lobwera ndi mtsinje. Ngati oyendetsa damu adzafune kutsegula zitseko kuti atsuke matope, anthu a kumunsi adziwitsidwe nthawi ikadalipo, chifukwa madzi a tsiku limenelo sakhala omwa kapena othirira.

Damu likaipa, silingatsukidwe ndi mankhwala kapena makina?

Njira zilipo, koma zonse n'zodula ndipo zambiri n'zongoziziritsa. Mankhwala opha ndere amazipha nthawi imodzi, poizoni wake n'kutuluka, zowolazo n'kumaliza okosijeni. Kupopera namasupuni mankhwala kumamumiza pamodzi ndi michere yake yonse, imene idzadyetse wotsatira. Kwina amathira mankhwala omanga fosifolasi m'matope kapena kuika mapaipi opopera mpweya pansi, koma pa mtsinje waukulu ngati Shire, wobweretsa matope atsopano dzinja lililonse, ndalama zake sizingakwanike. Kukumba matope ndi makina tikukudziwa kale pa maiwe a Nkula ndi Kapichira: mumakumba chilimwe, dzinja n'kubwezeretsa.

Ngakhale mutatseka magwero onse lero, damu loipa limatenga zaka kuti lichire, chifukwa fosifolasi wogona m'matope amapitiriza kutuluka. Tikumbukirenso Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mvula ya mtundu umenewo imatha kutsitsa m'masiku awiri dothi limene likanatsika m'zaka zingapo, ndipo kuchuluka kwake kumadalira mmene mapiri a Neno, Ntcheu ndi Balaka aliri tsiku limenelo, ovala kapena ometedwa ndi makala.